Alamu Anga ndi Makina Owotcherera a ku Biwi

Alamu anga a Keziah analowa yunivesite ali ndi zaka 28, ana awiri, ndi mwamuna wowotcherera zitsulo ku Biwi. Mwamunayo ndi achimwene anga a Medson. Ine ndine Thokozire, ndipo zaka zinayi zimene alamu anali ku Zomba ndine ndinatsala ndi anawo ku Kawale.

Alamu anabadwira ku Dedza, cha ku Linthipe, koma anakulira m'Kawale momwemo chifukwa bambo awo anali mesenjala ku maofesi a boma. Folomu 4 analemba mu 1983. Masamu ndi sayansi anakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwawo, koma Chingerezi chinawagwetsa, ndipo ukagwa Chingerezi satifiketi sumaiona, ngakhale zina zonse utakhoza chotani. Anakhala pakhomo chaka chathunthu. Kenako anapeza ntchito pa sekondale ina ya mumzinda muno, yosamalira labu, chipinda chophunzirira sayansi. Ankatsuka mabotolo, kupukuta mashelefu, ndi kuyalira aphunzitsi zipangizo pathebulo ana asanalowe.

Ntchito imeneyi anaigwira zaka zisanu ndi zitatu. Chipangizo chikafa, ena ankachiponya m'katoni, koma iwo ankachitsegula ndi sikuludiraiva kuti aone chafa n'chiyani. Mu 1990 mphunzitsi wa sayansi anachoka chaka chili pakati ndipo panadutsa matemu awiri wina asanabwere. Ana a Folomu 4 anayamba kumabwera ku labu nthawi ya nkhomaliro, poyamba atatu, kenako kalasi yonse. Alamu sankaima pabolodi. Ankangowapatsa mabatire, mawaya ndi timababu n'kunena kuti, "Lumikizani, tione chichitike n'chiyani." Mayeso atatuluka, ana ambiri anakhoza sayansi kuposa chaka cham'mbuyo chimene anali ndi mphunzitsi.

Mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, mayi wina wosakonda kuseka, anawaitanitsa ku ofesi.

"Mayi Kadzuwa, inu mukutsukiranji mabotolo?"

Alamu anayesa kuti akuwachotsa ntchito. Koma mayiwo anawauza kuti akalembenso Chingerezi, chifukwa kuyunivesite kuli khomo la anthu achikulire amene ali kale pantchito. Chaka chotsatira alamu anakhala m'holo imodzi ndi ana a pasukulu pomwepo, nalemba Chingerezi, nakhoza. Analembanso mayeso olowera kuyunivesite. Kalata inabwera mu 1992, yonena kuti atengedwa kukachita digiri ya sayansi.

Mayi athu, apongozi awo, sanakondwe. Anabwera kuchokera ku Ntcheu ndi basi yam'mawa, nakhala pamkeka, osavula ngakhale mpango.

"Pemphani ali ndi zaka ziwiri. Mukumusiyira ndani? Mayankho nayenso akuyamba sukulu. Kodi maphunziro akewo ndi otani oposa ana?"

Achimwene anayankha mofatsa kuti, "Amayi, ine ndinalekezera Sitandade 8 chifukwa mutu unakana. Awa mutu ukufuna. Ndiwaletse chifukwa chiyani?"

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzira utelala kwa mayi ena a ku Kawale 2 ndipo ndinkakhala pakhomo pomwepo. Ndinati anawo ndiwasamala ine. Mayi anangopempha madzi akumwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku Biwi nako anzawo a achimwene ankawaseka. Ankati mkazi akatenga digiri amabwera ndi mwamuna wina wa taye. Achimwene ankangotsitsa magalasi awo akuda kumaso n'kupitiriza kuwotcherera.

Chaka choyamba chinawazunza alamu. M'kalasi mwawo munali ana ongochoka kumene kusekondale, mitu idakali yakuthwa, ndipo onse ankawatcha Amayi. Masamu amene anawasiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo anawapeza atasintha nkhope. Pakutha pa chaka anagwa phunziro limodzi la masamu, ndipo anauzidwa kuti akalembenso asanayambe chaka chachiwiri. Akagwanso, sukulu yathera pomwepo.

Anabwera kutchuthi ataonda. Tsiku lachitatu ndinawapeza akuika mabuku awo m'katoni n'kumanga ndi chingwe. Achimwene atabwera masana kudzadya anaiona katoniyo pakona.

"Amake Mayankho, izi?"

"Ndalephera, bambo a Mayankho. Ndibwerere ku labu kwanga. Pemphani sakundidziwa n'komwe, akundithawa n'kumakabisala kwa Thoko."

Achimwene anatsiriza kudya, nasamba m'manja. Kenako anati, "Geti yanga yoyamba inagwa mwini wake asanaitsegule kawiri. Ndinakaitenga pa wilibala anthu akuona, n'kudzaiwotchereranso. Mayesowo mukalembe. Mukagwanso, ndidzabwera ndekha kudzakutengani, ndipo palibe adzakusekeni pakhomo pano."

Amene anawapulumutsa pa masamu anali mnzawo wa m'chipinda, Salama, mtsikana wa ku Mangochi. Salama masamu ankawamwa ngati madzi, koma akalowa mu labu ankaopa zipangizo, ndipo anali atapsereza kale zipangizo ziwiri. Anagwirizana zosinthana. Salama anabwera ku Kawale tchuthi chomwecho nakhala nafe milungu itatu, akugona pamphasa m'chipinda changa. M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, Salama akufotokoza, alamu akulemba, mpaka dzuwa kuwapeza. Alamu anakalemba mayeso aja nakhoza. Atabwerera ku Zomba, iwo ndiwo anamuphunzitsa Salama kugwira waya popanda mantha. Pa atsikana onse amene anayamba nawo, awiri okhawa ndiwo anasankha fizikisi mpaka kumapeto.

Ine fizikisi sindinkaidziwa kuti n'chiyani. Nditawafunsa anati ndi phunziro lofufuza chifukwa chimene zinthu zimachitira zimene zimachita: chifukwa chake babu imayaka, chitsulo chimatentha, wailesi imalankhula. Anati mbali imene ankaikonda iwo ndi yotenga nzeruzo n'kukonzera zinthu zimene anthu akugwiritsa ntchito. Ndinangovomera, koma ndinadzamvetsa bwino mu Januwale 1995, alamu ali chaka chachitatu.

Makina owotcherera a ku Biwi masiku amenewo sanali ogula m'sitolo. Ankapangidwa komweko. Munthu ankadula zidutswa za malata n'kuzisanjikiza mpaka zikhale mulu wochindikala, n'kukulungapo waya wowonda mbali ina, wonenepa mbali inayo. Magetsi ankalowera ku waya wowonda n'kutulukira ku wonenepa ali okhoza kusungunula chitsulo. Vuto lake makinawo ankatentha. Ukawotcherera mphindi khumi ankayamba kununkha, ndiye unkasiya n'kukhala pansi kudikira kuti azizire. Aliyense ankaona ngati ndi mmene makina owotcherera amakhalira.

Tsiku lina mu Januwale momwemo mvula inali itangokata, pansi pali chinyontho. Achimwene anagwira makina awo kuti awasunthire pouma, magetsi n'kuwagwira. Anawaponyera pa mulu wa zitsulo. Chikhatho chakumanja chinapsa kwambiri, ndipo anagona m'chipatala milungu itatu. Zala ziwiri mpaka lero siziwongoka bwinobwino.

Alamu anafika tsiku lotsatira. Atawaona achimwene kuchipatala, sanapite kunyumba. Anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Biwi. Kumeneko anagwada pansi ndi chitenje chawo, natsegula makina aja monga ankachitira ndi zipangizo za ku labu. Anatembenuza malata, nanunkhiza waya.

"Thoko, taona," anatero. "Malatawa akungokhudzana okhaokha popanda chotchinga pakati. Ndiye magetsi ena, m'malo mopita kukawotcherera, akungozungulira m'malata momwemu, ntchito yake kutenthetsa basi. Kutenthako kwasungunula chikopa cha waya, waya n'kukhudza chitsulo chakunja. Achimwene ako agwira pamenepo. Zimenezi tinaphunzira mwezi wathawu. Ndinazilemba m'kope, osaganiza kuti ndikulemba za makina amene akudyetsa ana anga."

Chaka chomaliza wophunzira aliyense ankayenera kusankha kafukufuku wake. Alamu anapita kwa aphunzitsi awo a zamagetsi n'kunena kuti akufuna kufufuza makina owotcherera a ku Biwi. Aphunzitsiwo anavomera, nawabwereka zoyezera magetsi ndi zoyezera kutentha kuti apite nazo kutchuthi.

Ku Biwi sanawalandire bwino. Mayi wonyamula zoyezera m'chikwama, akufunsa kuti magetsi mwawatenga pati, anthu anayesa watumidwa kudzagwira olumikiza magetsi mobera. Ena ankabisa makina akawaona akubwera. Ndiponso makina ambiri a kumeneko anapangidwa ndi munthu mmodzi, a Mcdonald, mkulu wina wa ku Ntcheu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni. Mawu awo ku Biwi anali lamulo, ndipo anali atamva kale kuti mkazi wa Medson akuti makina awo ndi olakwika.

"Mayi, ine ndakulunga makina zaka makumi awiri," anatero a Mcdonald alamu atawapeza pa shedi yawo. "Inu mwakulungapo angati?"

"Ngakhale amodzi, Abambo."

"Ndiye mwabwera kudzandiphunzitsa chiyani?"

"Sindinabwere kudzaphunzitsa. Kusukulu tili ndi zithunzi zokhazokha. Ndikufuna ndione manja akupanga."

A Mcdonald anawalozera chitini chopanda kanthu kuti akhalepo. Alamu anakhala pa chitinicho masiku anayi, akuonerera, akufunsa, akupatsira pulayala. Tsiku lachitatu mkuluyo anawaonetsa kachitsulo kamene ankakalowetsa ndi kukatulutsa pakati pa malata kuti moto wowotcherera ukule kapena uchepe. Alamu anati m'mabuku njira imeneyi ilimo, koma ya a Mcdonald inali yosavuta kuposa ya m'bukuyo, ndipo anawauza zimenezo. Tsiku lachinayi anapempha kuika choyezera kutentha pa makina atsopano amene mkuluyo anali atangomaliza. Patatha mphindi khumi ndi ziwiri, choyezeracho chinadutsa madigiri 100, kutentha kowiritsa madzi.

A Mcdonald anayang'ana nambalayo, nayang'ana alamu. "Ndiye inu mukuti titani?"

Kuyambira pamenepo zitseko zinatseguka. Alamu anayeza makina khumi ndi anayi, kulemba kukula kwa waya, kuchindikala kwa malata, ndi nthawi imene amatenga kuti atenthe. Kenako anayamba kupanga awoawo, ali anthu atatu: alamu akuwerengera papepala kuti waya azungulire kangati, achimwene akudula malata ndi dzanja lawo lomwe linali likuchira, a Mcdonald akukulunga. Chidutswa chilichonse cha lata ankachipaka vanishi mbali zonse kuti chisakhudzane ndi chinzake. Anaikanso waya wina wochokera ku chitsulo chakunja kupita m'nthaka, kuti magetsi akathawa alowe pansi osati mwa munthu.

Makina oyamba anapsa anthu akuona. Anagwira bwino mphindi makumi awiri, kenako utsi wakuda unatuluka, anthu n'kubalalika akuseka. Wina anati digiri yapserera. Alamu anabwera kunyumba nkhope ili yakuda ndi mwaye. M'mawa mwake anapita kukafunsa kwa anthu okonza mamota a zigayo, ndipo anapeza cholakwa: iwo anali atagwiritsa ntchito vanishi wa mipando, amene sapirira moto. Okonza mamota ali ndi wawo, ndipo akapaka amauumitsa mu uvuni.

Uvuni tinaupeza kwa aneba athu ophika masikono. Unali wa mgolo, wamakala. Mayiwo anavomera titalonjeza kuti tiutsuka ndi phulusa, komabe masikono a sabata imeneyo ankamveka kafungo kachilendo ndipo makasitomala anadandaula. Malata aja tinawaphika m'magulu atatu, ine ndikukupiza moto, alamu akuyang'ana choyezera.

Makina achiwiri anayesedwa Loweruka m'mawa, pa shedi ya achimwene. Panali geti ya munthu wina ya zitseko ziwiri yodikira kuwotcherera, ntchito imene kale inkatenga tsiku lonse chifukwa cha kudikira kuja. Achimwene anayamba cha m'ma 8 koloko. Anthu anasonkhana kudikira utsi. Mphindi khumi zinadutsa, makumi awiri, ola. Achimwene ankangoima posintha ndodo zowotcherera. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane geti inali itaima pakhoma. A Mcdonald anayandikira, naika chikhatho chawo pa makinawo, n'kuchisiya pomwepo.

"Akufunda ngati mwana," anatero. Kenako anatembenukira kwa alamu. "Mayi, pepala lanu la manambala lija mundikopere."

Mu 1996, pa mayeso omaliza, alamu anayenera kukaonetsa ntchito yawo pamaso pa aphunzitsi ndi woyesa wina wochokera ku yunivesite yakunja. Ena ankanyamula mapepala okha. Iwo anati makinawo apite. Anali olemera moti anawakweza m'basi amuna anayi, ndipo achimwene anapita nawo atavala suti ya paukwati wawo. Ananyamulanso makina ena akale kuti anthu akaone kusiyana kwake.

Ine sindinapite, koma nkhaniyi ndaimva kwa onse awiri kambirimbiri. Anaika makina onse awiri panja, kuseri kwa labu. Achimwene anavula jekete, napinda manja a malaya, nayamba ndi akale aja. Asanathe kotala la ola, fungo la kupserera linafika kwa oyesa, ndipo mmodzi anapempha kuti azimitse. Kenako anayatsa atsopano. Achimwene amati anawotcherera ola lathunthu. Alamu amati zinali mphindi 43, ndipo analemba. Choyezera sichinadutse madigiri 60. Ophunzira a makalasi ena anatuluka kudzaonerera, ndipo wogwira ntchito wina wa pakolejipo anathamanga kukatenga mpando wachitsulo wothyoka mwendo kuti awuwotcherere pomwepo.

Woyesa wakunja uja anafunsa mafunso ambiri. Lomaliza linali lakuti, bwanji sanagwiritse ntchito malata opyapyala kwambiri, popeza akanachepetsanso kutentha.

Alamu anayankha kuti, "N'zoona, ndipo ndawerengera pa tsamba 31 kuti kukanachepa bwanji. Koma malata amenewo ku Biwi kulibe. Ndikanapanga makina amodzi abwino kwambiri oti wina aliyense sangawapangenso. Koma a mtundu uwu, a Mcdonald apanga kale ena asanu ine kulibe."

Woyesayo anafunsa kuti a Mcdonald ndi ndani, ndipo alamu anamuonetsa tsamba loyamba, pamene analembapo dzina la mkuluyo ndi la achimwene. Achimwene amati bamboyo anabwera kudzawagwira chanza, ndipo ataona zala zopindika zija anagwira dzanjalo ndi manja awiri.

Alamu anakhoza digiri yawo bwino, ndipo pa kafukufuku anaposa onse a chaka chimenecho. Salama anakhoza koposa pa masamu napita kukapitiriza maphunziro kunja. Tsiku lolandira madigiri tinadzaza minibasi: ife, ana, a Mcdonald atavala chipewa chawo cha ku Joni, ndi owotcherera ena atatu amene anatseka mashedi awo tsiku limenelo. Dzina la Keziah Kadzuwa litatchulidwa ndinaimba nthungululu mpaka mawu anauma, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikulankhula monong'ona.

Ntchito anaipeza chaka chotsatira, pa kampani ina yokonza fodya ku Kanengo, yoyang'anira zipangizo zoyezera kutentha ndi chinyontho m'makina akuluakulu oumitsira fodya. Tsiku loyamba ananyamuka m'mamawa atavala diresi imene ndinawasokera, chitenje pamwamba chifukwa cha fumbi la m'njira. Inali nyengo ya fodya, ndipo pageti panali mzere wautali wa amayi ochokera ku Mgona ndi ku Area 25 ofuna ganyu yosankha masamba. Mlonda sanawafunse kanthu. Anangowalozera kumapeto kwa mzerewo.

Alamu anayesa kutulutsa kalata, mlonda n'kunena kuti, "Mayi, aliyense pano ali ndi kalata. Kaimeni uko."

Anakaima. Anacheza ndi mayi amene anali patsogolo pawo, namugwirira mwana pamene ankamanganso chitenje. Patapita theka la ola, bwana wina anatuluka mu ofesi atanyamula faelo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Kodi Bambo K. Kadzuwa sanafike? Injiniya watsopano uja?"

Mlonda anati sanaone bambo aliyense wotero. Alamu anabweza mwana kwa mayi ake, natuluka pamzere.

"Ndine amene. Keziah Kadzuwa."

Bwanayo anayang'ana faelo, nawayang'ana iwo, napepesa kawiri. Mlonda anavula chipewa osadziwa poyang'ana. Mayi wa mwana uja anawakoka chitenje n'kufunsa chapansipansi kuti, "Asisi, sukulu yake ndi iti imeneyo?"

"Madzulo mundidikire pageti pano, ndikuuzani," anatero alamu. Kenako anatembenukira kwa bwana uja. "Tiyeni mukandionetse makinawo."